Pambuyo pa Python, Mwananga

Mwana wanga wokondedwa,

Za makhalidwe a mumzinda, za anzako ndi za mapemphero mayi ako akuuza kale pamphasa, ndipo bambo ako alibe chowonjezera pamenepo. Iwo atenga cholembera chifukwa cha funso limodzi limene lakusowetsa tulo kuyambira tsiku limene unaitanidwa kukayamba ntchito ku Lilongwe: popeza Python wayigwira, uphunzire chilankhulo chiti cha kompyuta tsopano? Ena akukutchulira Rust, ena Go, ena akuti wosadziwa Kotlin alibe tsogolo, ndipo iwe mutu waima. Bambo ako anagwirapo ntchito ya mapulogalamu mu ofesi ina ku Limbe, masiku amene kompyuta inkakhala m'chipinda chozizira chokhoma ndi kiyi, choncho pankhani iyi ali ndi mawu. Aona kuti n'kwabwino awalembe, kuti ukawerenge utakhazikika.

Yankho lawo ndi ili: yamba ndi SQL, ukatero JavaScript, zinazo zidikire. Koma amakudziwa kuti chinthu chopanda chifukwa suchilandira, ndiye tamva zifukwa zake.

Zilankhulo zonse zimene ukuzimvazi zinabadwa chifukwa munthu wina anali ndi vuto patebulo pake. Dennis Ritchie anapanga C ku Bell Labs cha m'ma 1972 chifukwa iye ndi Ken Thompson ankafuna cholembera Unix. Guido van Rossum anayamba Python ku Amsterdam mu Disembala 1989, n'kuitulutsa mu 1991, pofuna chilankhulo chimene munthu angawerenge osachita tsinya. Rasmus Lerdorf, amene anayambitsa PHP, poyamba ankangofuna kudziwa anthu amene akutsegula tsamba lake lofunsira ntchito. Brendan Eich analemba JavaScript m'masiku 10 okha mu 1995, chifukwa kampani ya Netscape inkafuna kuti masamba a pa intaneti aziyankha munthu akadina. Ngakhale Go imene anzako akuitamayo inatuluka ku Google mu 2009 chifukwa mapulogalamu a kumeneko anakula mpaka akatswiri ankakhala manja lende, kudikira kuti kompyuta imalize kuwamanga. Anthu onsewa anayamba aona ntchito, chida n'kubwera pambuyo. Wophunzira yekha kawirikawiri amatembenuza zinthu. Amayamba wasankha chida, kenako n'kumayendayenda kufunafuna pochigwiritsa ntchito.

Tsono taona ntchito imene ili m'dziko lino. Mu 2001 ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe kunayambika ntchito ya Baobab Health, yolemba odwala pa makompyuta odina ndi chala, ndipo mapulogalamu ake ambiri pambuyo pake analembedwa ndi Ruby on Rails, olemba ake akatswiri a konkuno. Mu 2008 wophunzira wa ku Stanford dzina lake Josh Nesbit anafika ku chipatala cha St Gabriel's ku Namitete ndi laputopu imodzi, mafoni 100 ndi pulogalamu ya FrontlineSMS. Anthu ongodzipereka a m'midzi anayamba kutumiza nkhani za odwala pa SMS m'malo moyenda mitunda italiitali, ndipo ntchitoyo ndi imene inadzakula n'kukhala Medic Mobile. Mu 2009 UNICEF inayesa m'dziko muno RapidSMS, yolembedwa ndi Python yako yomweyo, potsatira za kanyentchera mwa ana. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa ziwerengero za zipatala kudzera mu DHIS2, yochokera ku yunivesite ya Oslo ku Norway, imene mkati mwake ndi Java ndipo poonekera pake ndi JavaScript. Ndipo mayi wogulitsa tomato ku Lizulu akamalandira ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, akudina nyenyezi ndi manambala pa kafoni ka mabatani, kopanda intaneti n'komwe.

Zilankhulo zake n'zosiyana, apa Ruby, apa Java, apo Python. Koma ukavundukula pansi pa zonsezi upeza chinthu chimodzi: database, mmene mumasungidwa maina a odwala, masiku, mankhwala, ndalama. Chilankhulo chili ngati dengu lotutira, database ndiyo nkhokwe. Madengu amatha n'kusinthidwa, koma chimanga chimene banja likudalira chili m'nkhokwemo. Ma database ambiri amene ukakumane nawo amalankhula SQL.

Maganizo a SQL anawalemba Edgar Codd wa ku IBM mu 1970, ndipo Donald Chamberlin ndi Raymond Boyce anawasandutsa chilankhulo cha m'ma 1974. Padutsa zaka zoposa 50 ndipo chikadali chilili. Amene anachiphunzira pa Oracle m'ma 1990 akhoza lero kukhala pa PostgreSQL kapena MySQL n'kuyamba ntchito tsiku lomwelo, poti kusiyana kwake n'kochepa. Ndi zochepa kwambiri mu ntchito ya makompyuta zimene munthu angaphunzire ali ndi zaka zako n'kudzazigwiritsabe ntchito atamera imvi. Ubwino wina ndi woti sichikudyera bandulo. SQLite, imene Richard Hipp anaitulutsa mu 2000, ili kale m'foni iliyonse ya Android, ndipo Python ya mu laputopu yako inabwera nayo limodzi. Ukalemba import sqlite3, basi wayamba.

Mawu ake oyambira ndi owerengeka: SELECT, INSERT, UPDATE, DELETE, kuwonjezapo WHERE ndi JOIN. Amenewo ukawadziwa sabata isanathe. Chovuta, chimene chimasiyanitsa katswiri ndi wongoyamba, ndi kukonza matebulo. Azakhali ako ku Kawale, kumene ukafikire, ali ndi golosale ndi kope la ngongole limene masamba ake akuthothoka. Ukawapemphe mwaulemu uliwerenge. Ukapeza kuti kasitomala mmodzi walembedwa m'njira zitatu, apa ndi dzina lake, apa ndi dzina la mwana wake woyamba, apo n'kungoti mayi a pafupi ndi mpopi. Azakhali ako amadziwa kuti ndi munthu mmodzi. Kompyuta singadziwe, pokhapokha iwe utam'patsa munthuyo nambala yake imodzi, n'kuika makasitomala m'tebulo lawo, katundu m'tebulo lake, ngongole m'tebulo lachitatu loloza ku awiri enawo. Ukatero funso limene limawatengera azakhali ako madzulo onse, loti ndani ali ndi ngongole yopitirira masiku 30, lidzayankhidwa ndi mizere inayi. Ndipo ukadzaona kuti pulogalamu ya chipatala, ya sukulu, ya banki mkhonde kapena ya kopaletivu ya alimi ndi kope lomwelo, longokula.

Pa kope lomwelo ukaphunzira zinthu zimene mavidiyo a mphindi 10 amazidumpha. Tsegula Python ulembe 0.1 + 0.2. Ikuyankha 0.30000000000000004, ndipo JavaScript nayo ikuyankha chimodzimodzi, chifukwa kompyuta imasunga tizigawo ta manambala m'njira imene singakwanitse kulemba 0.1 ndendende. Kalakwidwe kameneko kamaoneka kochepa, koma m'mabuku a ndalama kamaunjikana, ndipo tsiku lina wowerengera chuma amadzafunsa kumene matambala apita. Ndalama uzizisunga m'manambala athunthu a matambala, kapena ugwiritse ntchito Decimal. Ukaphunziranso chifukwa chake pali COMMIT ndi ROLLBACK. Ndalama zikamachoka kwa munthu kupita kwa mnzake, netiweki ikhoza kudukira pakati. Zisachoke uku osafika uko. Zonse zichitike, apo ayi pasachitike kanthu, ndipo database yabwino imakulonjeza zimenezo ngati waipempha moyenera.

Bambo ako anaona ndi maso awo mnyamata wina wanzeru ndithu akulemba UPDATE n'kuiwala WHERE. Ankafuna kusintha malipiro a munthu mmodzi, ndipo anthu onse a mu ofesimo, kuyambira mlonda mpaka bwana, anakhala ndi malipiro ofanana. Chimene chinam'pulumutsa ndi tepi ya backup ya dzulo lake. Usanasinthe kanthu pa database ya anthu, yamba wafunsa kuti backup ili kuti, ndipo inayesedwa liti.

Palinso chitseko chimene akuba amalowerapo. Wolemba mapulogalamu akamalumikiza mawu olembedwa ndi mlendo mwachindunji ku funso la SQL, mlendoyo akhoza kulemba lamulo m'malo mwa dzina, database n'kumumvera. Mu 2015 kampani ya mafoni ya TalkTalk ku Britain inaberedwa mwa njira imeneyi zinsinsi za makasitomala pafupifupi 157,000, ndipo inalipitsidwa mapaundi 400,000. Mankhwala ake ndi apafupi, ndipo ali m'buku la sqlite3 limene uli nalo: funso lipite palokha, mawu a mlendo apite paokha.

SQL ikakhazikika m'manja, bwera ku JavaScript. Chifukwa chake n'chakuti ntchito yako iyenera kuoneka. Pulogalamu ya Python yongoyenda pa sikirini yakuda ya laputopu yako azakhali ako sangaigwire. Koma foni iliyonse yokhala ndi browser, kaya ndi itel, Tecno kapena Samsung, imamva JavaScript popanda kuikamo chilichonse. Ndi chilankhulo chokhacho chimene ma browser onse anabadwa nacho, pambali pa HTML ndi CSS zimene uyenera kuziphunzirira limodzi. Kuyambira 2009, pamene Ryan Dahl anatulutsa Node.js, chimayendanso pa seva.

Chili ndi zilema zake, ndipo bambo ako sakubisira. Ukalemba "5" + 3, Python imakana n'kukuuza kuti walakwitsa. JavaScript imangoyankha "53" mwakachetechete, ntchito n'kumapitirira ndi nambala yolakwika. Zoterezi ndi zimene zinachititsa kuti Microsoft itulutse TypeScript mu 2012, motsogozedwa ndi Anders Hejlsberg, kuti zolakwika zina zizigwidwa pulogalamu isanayambe kuyenda. Udzafikako. Koma choopsa kwambiri kwa iwe si chilankhulocho ayi, ndi gulu la ma framework amene achizungulira. Facebook inatulutsa React mu 2013, Vue inabwera mu 2014, Google inali kale ndi AngularJS, ndipo chaka sichitha osamva za ina yatsopano. AngularJS ija eni ake anaisiya kumapeto kwa 2021. Amene ankadziwa JavaScript yeniyeni anangosamuka n'kupitiriza ntchito. Amene analoweza AngularJS yokha anayambiranso pachiyambi. Choncho panga tsamba lako loyamba popanda framework iliyonse, mpaka umvetse mmene batani limalankhulira ndi seva. Ndipo uliyese pa foni yotchipa, pamalo pamene netiweki ikuvuta. Tsamba lolemera limadya bandulo ya munthu amene waigula ndi ndalama ya ndiwo, ndipo munthu ameneyo ndiye amene ukumulembera.

Mwina kuntchito akakupatsa PHP. Pali achinyamata amene amaikwinyira nkhope ngati chinthu chachikale, ndipo bambo ako sakufuna kuti ukhale mmodzi wa iwo. WordPress, yolembedwa ndi PHP, ikuyendetsa mawebusaiti oposa 40 pa 100 aliwonse padziko lapansi. Wikipedia imayenda pa PHP. Facebook inayamba ndi PHP mu 2004. Ushahidi, imene Ory Okolloh ndi anzake anaipanga ku Kenya kumayambiriro kwa 2008 kuti anthu azinena kumene kukuchitika ziwawa za pambuyo pa chisankho, inalembedwa ndi PHP, n'kudzagwiritsidwa ntchito mpaka ku Haiti chivomezi chitachitika mu 2010. Abwana akakakuikira PHP patsogolo, imeneyo ndiyo ikhale chilankhulo chako chotsatira, dongosolo la m'kalata ino lidikire. Palibe mphunzitsi woposa ntchito yeniyeni yokhala ndi tsiku loiperekera komanso munthu woiyang'ana.

Za Kotlin nkhani yake ndi ya laputopu. Chilankhulocho n'chabwino. A JetBrains anachitulutsa chokhwima mu 2016, Google inachivomereza pa Android mu 2017, ndipo mu 2019 inanena kuti ndicho ikuchikonda koposa Java. Mafoni ambiri amakono m'dziko muno ndi a Android, choncho tsiku lake lidzafika. Koma Android Studio imafuna RAM ya 8GB kapena kuposerapo, pomwe kalaputopu kako kali ndi 4GB. Ukaumirira, udzatha madzulo ambiri ukuyang'ana sikirini yongoima, n'kumadziona ngati ndiwe mbuli pamene vuto ndi makina. Swift ya mafoni a Apple, imene inatuluka mu 2014, ndiye imafuna kompyuta ya Mac, kuwonjezapo madola 99 a ku America chaka chilichonse kuti pulogalamu yako ikhale pamsika wawo, pomwe Google Play imalipiritsa madola 25 kamodzi kokha. Ukayamba kulandira malipiro, sunga ya RAM kapena ya laputopu ina, ukatero uganize za Kotlin.

Rust bambo ako amailemekeza, ndipo akumvetsa chifukwa chake mtima wako ukuthamangirako. Graydon Hoare anaiyamba, Mozilla inailera, inakhwima mu 2015, ndipo mu Disembala 2022 inaloledwa kulowa mu Linux yeniyeniyo, mmene C inakhala ikulamulira kuyambira 1991. Vuto limene inabwera kudzathetsa ndi lalikulu. Mu 2019 akatswiri a Microsoft ananena kuti pafupifupi 70 pa 100 ya mabowo a chitetezo amene amakonza chaka ndi chaka amachokera ku kasamalidwe kolakwika ka memory, ndipo Rust inapangidwa kuti zolakwika zotero zizikanidwa pulogalamu isanamangidwe. Koma iwe memory sunayambe waisamalapo wekha. Python yakhala ikukuchitira kuseri, osakuuza. Ukalowa mu Rust lero udzalimbana ndi malamulo amene sukudziwa chimene akukutetezera, ndipo ambiri amagwa ulesi pamenepo. Njira yake imadzera ku C. Ngakhale maphunziro a CS50 a ku Harvard, amene David Malan amaphunzitsa ndipo aliyense akhoza kuwatsatira mwaulere pa intaneti, amayamba ayendetsa ophunzira mu C kwa masabata angapo asanawapatse Python ndi SQL. Chaka chamawa, ntchito ikakhazikika, upatule miyezi iwiri kapena itatu ya C. Sudzaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, koma udzamvetsa chimene chimachitika pansi pa Python, pakuti Python imene umagwiritsa ntchitoyo nayonso inalembedwa ndi C.

Go ndi yosavuta kuphunzira, ndipo Docker ndi Kubernetes zinalembedwa ndi iyo. Tsiku limene seva yako idzalemedwe ndi anthu, udzaitenga m'masabata ochepa. Lero sunafike pamenepo.

Mantha ako enieni bambo ako akuwadziwa, ngakhale sunawatchule. Ukuopa kuthera zaka pa chinthu chimene chidzafe. Zimachitikadi. Kunali nthawi imene masewera ndi mavidiyo ambiri a pa intaneti ankayenda pa Flash, ndipo odziwa ActionScript ankafunidwa paliponse. Mu Epulo 2010 Steve Jobs analemba poyera zifukwa zimene iPhone sidzalandirira Flash, ndipo pa 31 Disembala 2020 Adobe inaitseka. Koma taonanso mbali inayi. COBOL inapangidwa mu 1959, potengera kwambiri ntchito ya mayi wina katswiri, Grace Hopper, ndipo anthu akhala akuilosera imfa kuyambira bambo ako ali mnyamata. Chaka cha 2000 chikuyandikira, maofesi padziko lonse anasakasaka odziwa COBOL kuti akonze mapulogalamu amene ankalemba chaka ndi manambala awiri okha, ndipo bambo ako anali m'gulu la ogona ku ofesi masiku amenewo. Mu Epulo 2020, mliri wa Covid-19 utachotsetsa anthu ambiri ntchito, bwanamkubwa wa New Jersey ku America, Phil Murphy, anapempha poyera anthu odziwa COBOL kuti athandize makompyuta olipira osowa ntchito. Flash inali ya kampani imodzi, ndipo kampaniyo itaisiya inatha. COBOL inagwira mabuku a ndalama a mabanki ndi maboma, ndipo zoterozo sizisunthidwa wamba. SQL, JavaScript, C ndi Python palibe kampani imodzi imene ingadzuke m'mawa n'kuzitseka. Ukamayeza chilankhulo, funsa mwini wake ndani, ndiponso ndi ntchito yanji imene ingaime chitasowa.

Komabe chimene chimagwetsa ophunzira okha ambiri si kufa kwa chilankhulo. Ndi kudumphadumpha. Mwezi uno Go, mwezi wamawa Rust, winawo Flutter, ndipo paliponse amafika pa mutu wachitatu wa buku, pamene zinthu zayamba kulimba, n'kuona kuti china chija n'chokoma koposa. Akulu anati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mitu yoyamba ya zilankhulo zonse imafanana: if, for, function, list. Amene waiwerenga m'zilankhulo zisanu waphunzira chinthu chimodzi kasanu. Nzeru zili mtsogolomo, pamene pulogalamu yakula, yayamba kusweka, munthu weniweni akuigwiritsa ntchito ndipo akudandaula. Usayambe chilankhulo china usanamalize chinthu chimodzi chimene munthu wina, osati iwe, akuchigwiritsa ntchito.

Anzako ena akukuuza kuti zonsezi zilibenso ntchito, poti kuyambira pamene ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022 makina akulemba okha code m'chilankhulo chilichonse. Akulembadi, ndipo uziwagwiritsa ntchito. Amafotokoza bwino uthenga wa cholakwika umene wakuzunguza, ndipo satopa kufunsidwa. Koma amalakwitsanso, ndipo amalakwitsa molimba mtima, osasonyeza kukayika. Akhoza kukulembera funso la SQL looneka bwino limene likuwerengera ngongole imodzi kawiri, ndipo amene angaone zimenezo ndi yekhayo wodziwa JOIN. Pa ntchito yako padzakhala dzina lako. Mzere umene sungathe kuufotokozera mnzako usauike mu pulogalamu ya anthu. Ndipo maina, manambala a foni kapena matenda a makasitomala usawatumize kwa makina amenewo pofuna thandizo.

Pamenepa bambo ako akufuna umvetsetse. Wodziwa SQL amapatsidwa kiyi wa zinsinsi za anthu. Udzatha kuona amene ali ndi ngongole, amene akulandira mankhwala anji, amene amalandira malipiro angati, ndipo ena mwa iwo adzakhala anthu owadziwa. Dziko lino lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, komanso Data Protection Act la 2024, ndipo uyenera kuwawerenga onse awiri. Koma usadikire lamulo kuti likuuze. Chimene ntchito sinakutume kuona usachitsegule, ndipo chimene waona chifukwa cha ntchito chisatuluke pakamwa pako, ngakhale kwa azakhali ako, ngakhale kwa mayi ako. Wina akadzabwera ndi envelopu kuti usinthe nambala imodzi yokha, dziwa kuti database yabwino imalemba amene wasintha ndi nthawi yake, ndipo ngakhale ikanakhala kuti silemba, yankho ndi lomwelo, ukane.

Ulibe digiri, ndipo m'maofesi ena zimenezo zidzakutsekera chitseko. Chimene chingalankhule m'malo mwa pepala ndi ntchito yooneka. Phunzira Git, imene Linus Torvalds anailemba mu 2005, sabata yomweyi. Si chilankhulo, koma palibe gulu la olemba mapulogalamu limene lingakulandire osaidziwa. Uzisunga ntchito yako pa GitHub pafupipafupi, poti magetsi akhoza kuzima nthawi iliyonse ndipo laputopu mumzinda imabedwa. Ukapeza Wi-Fi, koperatu mabuku a Python ndi a PostgreSQL, amene eni ake amawapereka mwaulere, kuti uziwerenga ngakhale bandulo itatha. Maphunziro a freeCodeCamp, amene Quincy Larson anayambitsa mu 2014, nawonso ndi aulere, ndipo a JavaScript ali momwemo. Palibe chifukwa cholipirira munthu wokulonjeza ukatswiri m'masabata 6.

Kuno unaphunzira wekha chifukwa panalibe wina. Ku Lilongwe usakapitirize kukhala wekha. Kuli mHub, imene Rachel Sibande anayambitsa mu 2013, ndipo kuli achinyamata amene amakumana kukambirana za mapulogalamu. Upiteko, ukhale pansi, uonetse code yako kwa amene anakutsogolera ndipo ulole kuti aidzudzule. Zidzakuwawa koyamba. Munthu wophunzira yekha amakhala ndi zizolowezi zimene sadziwa kuti n'zolakwika, popeza palibe anaziwonapo, ndipo mnzako waluso akhoza kukuchotsera pa ola limodzi cholakwika chimene ukanayenda nacho zaka. M'zipinda zina udzapeza kuti wamkazi ndiwe wekha. Ufunse funso lako mokweza ngati wina aliyense, ndipo ukathandizidwa uthokoze. Ukadzaona mtsikana wina akulowa mwamanyazi ndi laputopu yakale, um'sendezere mpando.

Anthu akadzayamba kukupempha kuti uwapangire mawebusaiti apambali, mugwirizane polemba chimene ukapange, mtengo wake ndi tsiku lomaliza, ndipo utengeko gawo la ndalama usanayambe. Wachibale amene akufuna zaulere umuuze mwaulemu nthawi imene uli nayo. Golosale ya azakhali ako yokha ndiyo usalipiritse, poti ukudya nsima yawo ndiponso ndi kumene ukuphunzirira.

Ndalama ya bandulo ya mwezi woyamba ili mu envelopu ya khaki, m'thumba lamkati la chikwama cha laputopu. Ukamabwera pa Khirisimasi ubwere ndi pulogalamu ya kope la ngongole ikugwira ntchito, ndipo bambo ako adzafuna kuona matebulo ake asanaone mitundu ya mabatani. Ukafika ku depoti uimbe foni, mayi ako asagone ndi nkhawa.

Mulungu akutsogolere,

Bambo ako.